Njinga yopanda mtanda yabweranso m'mizinda

M'chaka cha 2010, akuluakulu a Royal Mail, kampani yoyendetsa makalata ku Britain, adalengeza kuti asiya kugwiritsa ntchito njinga za kapalasa. Kwa zaka zoposa 100, wogawa makalata kumeneko ankadziwika ndi njinga yake, koma tsopano makalata ankachepa pamene maphukusi a katundu wogulidwa pa intaneti ankachuluka komanso kulemera. Adati ntchitoyo izigwiridwa ndi timagalimoto ndi tingolo tokankha. Panthawiyo kampaniyi idali ndi njinga pafupifupi 24,000, ndipo pofika 2014 zambiri zidali zitaimikidwa, kudikira ogula zitsulo zakutha.

Njinga zimenezi dzina lake ndi Mailstar, ndipo zinkapangidwa ndi kampani ya Pashley ya m'tauni ya Stratford-upon-Avon. Ukaiona koyamba, chimene diso limafulumira kuona nchakuti ilibe mtanda, chitsulo chija chochokera pansi pa chishalo kukafika ku mahandulo. Felemu yake idatsika pakati, moti wokwera amangodutsitsa mwendo kutsogolo ngati akulowa pakhomo, osati kuuponya kumbuyo kwa chishalo. Kutsogolo kuli kaliyala wotakata amene adamangiriridwa ku felemu, osati ku mahandulo, ndiye ngakhale pakhale katundu wolemera, mahandulo amapepukabe pokhota. Tayala lakutsogolo ndi laling'ono pang'ono kuposa lakumbuyo kuti katunduyo akhale m'munsi. Magiya atatu ali m'kati mwa habu yakumbuyo, mabuleki nawonso ali m'kati mwa mahabu, kumene mvula ndi matope sizifika.

Ogawa makalata ambiri adali amuna, ndipo palibe amene ankati akwera njinga yachikazi. Munthu woima pakhomo lililonse, kutsika, kuponya kalata, kukweranso, tsiku lonse, chikwama chili pakaliyala wakumbuyo, sangakwanitse kumangoponya mwendo m'mwamba. Mtanda udachotsedwa chifukwa cha ntchito.

Njinga zofiirazi sizidathere m'ng'anjo zonse. Bungwe lachifundo la Krizevac Project la ku Staffordshire lidatenga masauzande ambiri nkuyamba kuzitumiza ku Malawi, ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, kumene amakanika a pamalo a Beehive amazikonza nkuzigulitsa, ndipo phindu lake limathandiza ntchito yosamalira ndi kuphunzitsa ana m'deralo. Zina zidafika m'manja mwa oteteza nyama ku Liwonde National Park. Malinga ndi momwe bungweli limafotokozera, njovu za kumeneko zinkathamangitsa njinga zofiira, ndiye adazipenta zobiriwira. Apa ndiye padachokera dzina loti Elephant Bike, limene njinga zomwezi zitakonzedwanso zidayamba kugulitsidwa nalo ku Britain komweko: munthu akagula imodzi, ndalama zake zinkalipirira kutumiza ina ku Malawi. Anthu a m'mizinda ya ku England adazikonda chifukwa cha maonekedwe ake akale, koma wamalonda wa ku Blantyre adazikonda chifukwa zimanyamula.

Mbiri ya felemu yotsika pakati ndi yakale kuposa apa. Njinga ya matayala awiri ofanana, yoyenda ndi tcheni, idatchuka kuchokera kwa John Kemp Starley wa ku Coventry, amene adatulutsa njinga yotchedwa Rover mu 1885. Patangopita zaka zitatu, John Boyd Dunlop ku Belfast adabweretsa tayala lopopa mpweya. Njinga itayamba kukhala yosavuta kukwera, amayi nawo adaifuna, koma madiresi a nthawiyo adali aatali ofika kumapazi ndi olemera. Opanga njinga adatsitsa mtanda, ena adaupinda ngati uta, nkuphimba tcheni komanso kuluka zingwe m'mbali mwa tayala lakumbuyo kuti nsalu isakodwe m'masipoko. Kuyambira pamenepo anthu adaika m'mutu kuti yamtanda ndi ya abambo, yopanda mtanda ndi ya amayi, ndipo maganizo amenewa adayenda ndi njinga za Raleigh, Humber ndi zinzake kufika kulikonse kumene Angerezi ankagulitsa katundu, kuphatikizapo kwathu kuno.

Koma kwawo kwenikweni kwa njinga imeneyi lero ndi ku Netherlands. Adatchi adaitengera kwa Angerezi, kenako eni akewo ataisiya nkuthamangira magalimoto ndi njinga zampikisano, iwo adaisunga osasintha zambiri. Kampani yawo yotchuka ya Gazelle idayamba mu 1892 m'tauni ya Dieren, ndipo adaiyambitsa ndi Willem Kölling, munthu wa ku positi ofesi amene adayamba ndi kugulitsa njinga zoitanitsa ku England. Njinga zolembedwa dzina la Gazelle zidayamba kutuluka mu 1902. Batavus idayamba mu 1904 ku Heerenveen. Njinga yakuda, yaitali, yopindika felemu imene makampani ngati amenewa amapanga, Adatchi amaitcha omafiets, njinga ya agogo aakazi, koma amaikwera ndi aliyense: mwana wasukulu, wophunzira wa kuyunivesite, bambo wa suti ndi tayi.

Tiione pafupi ikaima pakhomo pa sitolo ku Utrecht. Mahandulo adapindikira kumbuyo, kotero wokwera amakhala chowongoka, msana uli njo, maso akuona msewu wonse osati tayala lakutsogolo lokha. Tcheni chili m'chikwama chake chotseka mbali zonse, ndiye buluku silida ndi girizi, fumbi nalo silidya tcheni. Kumbuyo kuli zotchinga masipoko kuti jekete kapena phazi la mwana lisalowe. Pansi pa chishalo pali loko wozungulira womangiriridwa ku felemu: ukatsika umangokankha kachitsulo, loko amagwira tayala, kiyi nkutuluka. Zambiri zilibe magiya, ndipo buleki yake ndi yopondera pedulo chambuyo, choncho palibe waya woduka kapena mphira wotha. Pali madigadi, belu, nyale, sitandi ndi kaliyala wolimba woti mnzako nkukhalapo chammbali. Imalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, siithamanga, ndipo imagona panja pamvula chaka ndi chaka osadandaula.

Chilichonse pa njinga imeneyi chidaikidwa kuti munthu akwere ndi zovala zimene wavala kale. Safunika kusintha nsapato, kupinda buluku kapena kuvala zothina za othamanga. Ichi ndicho chimandikopa: opanga ake adayamba ndi kufunsa kumene munthu akupita ndi chimene wanyamula, liwiro lidabwera pambuyo.

Njinga yokha sikadakwanitsa kusunga Adatchi pachishalo. M'zaka za m'ma 1960 magalimoto adadzaza misewu yawo, ndipo mu 1971 anthu oposa 3,000 adafa pangozi zapamsewu, mwa iwo ana oposa 400. Makolo adayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord lofuna kuti kuphedwa kwa ana m'misewu kuthe. Mu 1973 kudabwera vuto la mafuta, boma nkuletsa magalimoto kuyenda Lamlungu kwa masabata angapo. Kuchokera apo mizinda idayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za magalimoto. Lero dzikolo lili ndi njinga zambiri kuposa anthu, pafupifupi 23 miliyoni pa anthu 18 miliyoni, ndipo ulendo umodzi pa maulendo anayi aliwonse umayendedwa panjinga. Pasiteshoni ya sitima ya Utrecht pali malo oimikapo njinga 12,500, amene adamalizidwa mu 2019. Njinga yokhala chowongoka, yoyenda pang'onopang'ono, mwana ali kutsogolo wina kumbuyo, imafuna msewu woilemekeza.

Pali choonadi chimodzi chimene okonda mtanda amanena, ndipo sakunama. Felemu yamtanda ndi makona atatu awiri olumikizana, ndipo mpangidwe umenewu ndi wolimba kwambiri ngakhale zitsulo zikhale zopyapyala. Ukachotsa mtanda, mphamvu yonse imatsikira pamalo amodzi pafupi ndi mapedulo, ndipo njinga ikalemedwa imatha kumagwedezeka pakati. Opanga adapeza njira zosiyanasiyana zothanirana ndi zimenezi. Ena amaika mipope iwiri yoyendera limodzi nkuilumikiza ndi tizitsulo tating'ono. Ena amaika mpope umodzi wonenepa kwambiri. Afalansa adatchukitsa mtundu wotchedwa mixte, umene uli ndi timipope tiwiri topyapyala tochokera ku mahandulo, kudutsa m'mbali mwa mpope wa chishalo mpaka kukafika pa habu yakumbuyo. Mtengo wa kulimbaku nthawi zambiri ndi kulemera. Pamalo a chidikha ngati Netherlands kulemerako sikumveka, koma pachitunda kumamveka ndithu.

Chimene chabwezeretsa njingayi m'mizinda ikuluikulu ndi zinthu zingapo zokumana nthawi imodzi. Mzinda wa Paris utayambitsa njinga zobwereka za Vélib' mu 2007, ndi London mu 2010, onse adasankha felemu yotsika, chifukwa njinga imodzi iyenera kukwanira wamtali, wamfupi, wa siketi ndi wokalamba. Mu 2017, mzinda wa London udayamba kulandira njinga zatsopano zobwereka zopangidwa ndi Pashley yomwe ija ya ogawa makalata. Ku Japan, njinga ya dengu kutsogolo ndi mpando wa mwana kumbuyo, yotchedwa mamachari, sidachokepo m'misewu. Kenako kwabwera njinga zamagetsi, zimene ku Netherlands tsopano ndi pafupifupi theka la njinga zatsopano zogulidwa pachaka. Batire ndi injini yake zimawonjezera kulemera, ogula ambiri ndi achikulire a mawondo ndi ziuno zovuta, ndiye kutsika kwa felemu kwasanduka chinthu choyamba kufunsa m'sitolo, kaya wogula ndi bambo kapena mayi. Ogulitsa ena adasiya nkomwe kuzilemba kuti zachikazi, amangoti zolowera m'munsi.

Palinso fashoni, ndipo apa mpofunika kutsegula maso. Njinga ya Pashley Princess, ya dengu loluka ndi chishalo chachikopa cha Brooks, kampani imene idayamba mu 1866 ku Birmingham, ndi yokongola ndipo ndi yeniyeni. Kuyambira 2009 ku London kumachitika Tweed Run, ulendo umene anthu amavala zovala za makedzana nkupalasa njinga zakale mumzinda. Zoterezi zadzetsa msika wa njinga zotsika mtengo zongotengera maonekedwe: penti wobiriwira motuwa, matayala oyera m'mbali, kadengu kapulasitiki koluka monamizira. Ukayang'ana m'munsi, tcheni chili pamtunda, magiya ali panja, masipoko ndi oonda, kaliyala ndi wa kawaya woti thumba la ufa lingamupinde. Njinga yotere yatenga nkhope ya omafiets nkusiya nzeru yake yonse, ndipo dzinja limodzi limakwana kuionetsa dzimbiri.

Kwathu kuno nkhani ya mtanda ili ndi mbali ziwiri. Wakabaza ndi wogulitsa makala ali ndi zifukwa zomveka zoukondera. Pamtanda amapachikapo zigubu, m'kati mwa felemu amalowetsamo thumba, ndipo katundu amene njinga za ku India ndi ku China zimasenza pamisewu ya Lilongwe ndi Mzuzu ndi woposa chimene opanga ake ankaganiza. Pa ntchito imeneyo makona atatu aja ngofunika.

Koma si aliyense wokwera njinga amasenza makala. Pali mphunzitsi wopita kusukulu, mlangizi wa zaumoyo woyenda mudzi ndi mudzi, mayi wa mandasi, agogo opita kumunda kapena kutchalitchi, mtsikana wa sekondale yoyendera. Kuyambira 1973 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, lamulo la kavalidwe m'Malawi linkaletsa amayi kuvala buluku, ndipo ngakhale lamulolo lidachotsedwa, kumudzi chitenje ndi siketi ndiwo mavalidwe a tsiku ndi tsiku. Njinga yomwe ili pakhomo nthawi zambiri ndi yamtanda, yogulidwa ndi bambo poyeza msinkhu wake. Aliyense adaonapo mayi akuipendeketsa njinga mpaka pansi, dzanja limodzi lagwira chitenje, kufunafuna chulu kapena mwala woti apondepo kuti akwere, mwana ali kumsana. Adaonaponso kamwana kakupalasa mwendo utalowa pansi pa mtanda, thupi lonse lili mbali imodzi. Ndi luso, inde, koma ndi luso lobadwa chifukwa chipangizocho sichidapangidwire iwo. Ndipo galimoto ikatulukira mwadzidzidzi pamsewu wopapatiza, amene angatsike msanga ndi kuponda pansi ndi mapazi onse awiri ndiye amapulumuka.

Bungwe la World Bicycle Relief, limene lidayamba mu 2005 ndipo limagwira ntchito m'Malawi ndi ku Zambia, lidasankha njira yapakati pa njinga yake ya Buffalo. Mtanda sadauchotse, koma adaupinda kuti utsike chakuchishalo, moti wamfupi ndi wa siketi amatha kuima nayo bwino, pomwe kaliyala wake amaloledwa kunyamula makilogalamu 100. Buleki yake ndi yopondera chambuyo ngati ya Adatchi. M'matauni a chidikha monga Salima, Mangochi, Nkhotakota ndi Karonga, kumene njinga ndiyo mwini msewu, mpangidwe wotere kapena wotsikiratu ulibe chouletsa. Ku Zomba ndi ku Blantyre, zitunda zimafuna magiya.

Vuto lenileni la njinga zochokera ku Ulaya ndi zida zosinthira. Habu ya magiya am'kati imatha zaka zambiri osatsegulidwa, koma ikawonongeka, makanika wa pansi pa mtengo wa mango amene amadziwa njinga wamba ngati chikhatho chake sapeza zida zake m'sitolo za pamsika. Matayala ena ndi a saizi yosowa. Choncho wogula yakaunjika ayambe wafunsa ngati tayala ndi chubu cha saizi imeneyo zimapezeka m'tauni mwake, ayese magiya onse ali pachishalo, kenako agwade ayang'ane polumikizira mipope pafupi ndi mapedulo. Penti akakhala wosweka mozungulira chowotchereracho, kapena pakaoneka kamzere kadzimbiri, felemuyo idalemedwapo mopitirira ndipo yayamba kung'aluka.