Mtsinje wa Alagnak ndi nsomba zobwerera kwawo

Ophunzira ambiri amaganiza kuti mtsinje umangokokolola zinthu kumtunda n'kukazitaya kunyanja. Mtsinje wa Alagnak, kum'mwera chakumadzulo kwa Alaska m'dziko la America, ungakuthandizeni kuwaonetsa kuti chakudya chimathanso kukwera mtsinje.

Alagnak amachokera m'nyanja ya Kukaklek, n'kukathira mu mtsinje wa Kvichak umene umatsikira ku Bristol Bay. Kulibe msewu wofika kumeneko. Alendo amanyamuka ku King Salmon pa tindege totera pamadzi, kenako amatsetsereka ndi madzi masiku angapo pa mabwato a mphira opopa mpweya, akuwedza ndi kugona m'mahema. Kumunsi mtsinjewu umagawikagawika timifuleni tambirimbiri, n'chifukwa chake ena amautcha Branch River. Boma la America linauika m'gulu la mitsinje yotetezedwa mu 1980.

Nanga chimakoka anthu n'chiyani? Ndi nsomba za salmon, mitundu yonse isanu ya m'nyanja ya Pacific. Taonani mtundu wa sockeye. Imaswedwa m'madzi opanda mchere, imakula chaka chimodzi kapena ziwiri m'nyanja ya kumtunda, n'kupita ku nyanja ya mchere. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu imabwerera komwe inaswedwa, fungo la madzi akwawo likuitsogolera. Ikaikira mazira imafa. Apa m'pamene pagona phunziro lathu. Mazirawo ndi minofu ya nsomba zakufa zimanenepetsa nsomba za rainbow trout, zija alendo amazilipirira ndalama zambiri kuti aziwedze n'kuzibwezanso m'madzi. Zimbalangondo zimakokera nsomba kutchire, zotsala zimaola n'kusanduka manyowa a mitengo. Mu 2022 sockeye pafupifupi 79 miliyoni zinabwerera ku Bristol Bay.

Kumtunda kwa dera lomweli kuli miyala ya kopa ndi golide, pamalo otchedwa Pebble. Amigodi ankalonjeza ntchito. Asodzi ndi eni nthaka ambiri ankaopa kuti zinyalala za mgodi ziipitsa madzi oswanirana nsomba. Mu Januwale 2023 bungwe la boma loteteza chilengedwe, EPA, linaletsa kutaya zinyalalazo m'mitsinje ya kumeneko, koma kampaniyo inakasuma kukhoti.

Ine ndimaona kuti si bwino kuyamba ndi mapu a Alaska. Yambani ndi mpasa, imene imachoka m'nyanja ya Malawi kukwera mtsinje wa Bua kukaswana. Afunseni ophunzira: munthu akatchinga mtsinje ndi mono nsomba zisanaikire mazira, chaka chamawa adzagwira chiyani? Akakambirana m'magulu, ndiye muwatengere ku Alagnak.