Kudziwa kompyuta kokha sikukwanira: phunziro la ku Japan

Pa 28 February 2021, makina a ATM oposa 4,000 a banki ya Mizuho ku Japan adasiya kugwira ntchito ndipo ambiri adameza makadi a anthu. Mu November chaka chomwecho, bungwe la boma loyang'anira mabanki la Financial Services Agency lidati limodzi mwa magwero a vutolo lidali khalidwe la ogwira ntchito: sankanena zoyenera kunena, ndipo ankangochita zokhazo zimene auzidwa.

Nkhaniyi ikuwakhudza achinyamata a m'boma la Rumphi, kumene Yunivesite ya Livingstonia, yomwe Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP idatsegula mu 2003, imaphunzitsa uinjiniya wa makompyuta ku Khondowe. Akamaliza maphunziro, ndiwo adzasamale makina a m'zipatala, m'mabanki ndi m'maofesi a boma, ndipo tsiku lina adzatsogolera anzawo.

Ku Japan adazindikira kuti katswiri akakwezedwa pa udindo, ntchito yake imasintha. Amasiya kulemba mapulogalamu n'kuyamba kugawa ntchito, kusunga nthawi ndi ndalama, komanso kumvana ndi kasitomala amene sadziwa chinenero cha makompyuta. Mu 2002, unduna wa zachuma, malonda ndi mafakitale m'dzikolo udatulutsa muyeso wa maluso wotchedwa ITSS, womwe uli ndi magawo 7. Kuti munthu akwere, amaunikidwanso pa utsogoleri, kulankhulana ndi kukambirana. Mu 2019, unduna womwewo udachenjeza kuti pofika 2030 dzikolo likhoza kupereweredwa akatswiri okwana 790,000, choncho aliyense amene alipo ayenera kutha kuphunzitsa ena.

M'makampani a ku Japan, olembedwa kumene ntchito amaphunzitsidwa mfundo yotchedwa horenso, yomwe ili ndi mbali zitatu. Yoyamba ndi kuuza wamkulu momwe ntchito ikuyendera, makamaka ikavuta. Yachiwiri ndi kudziwitsa msanga onse okhudzidwa. Yachitatu ndi kufunsa nzeru usanaganize wekha, paja safunsa adadya phula. Koma zimene zidachitika ku Mizuho zikusonyeza kuti mfundoyi imagwira ntchito pokhapokha ngati bwana salanga munthu wobweretsa uthenga woipa.

Apa ndi pamene Malawi akufanana ndi Japan. Kuno nako timakula ndi mwambo wolemekeza akulu, ndipo wamng'ono amaopa kuuza bwana kuti kompyuta yosunga mbiri ya odwala yatsala pang'ono kuwonongeka. Akakhala chete, ovutika ndi mayi amene wayenda kuchokera ku Bolero kapena ku Mhuju n'kupeza kuti zolembedwa zake zasowa.

Maluso amenewa salira zipangizo zodula. Wophunzira angayambe potsogolera gulu m'kalasi, kulemba lipoti lalifupi sabata iliyonse, ndi kufotokozera mlimi wa fodya kapena khofi m'Chitumbuka momwe pulogalamu imagwirira ntchito. Mlimiyo akapanda kumva, wophunzirayo adziwe kuti akufunika kuphunzirabe.