Khomo la Sukulu Likatsekedwa, Bwalo la Milandu Limatsegula

Belu la sukulu likamalira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwambazi, ana ena amakhala ali kugombe, akuyanika usipa. Uyu anabwezedwa chifukwa alibe yunifolomu, uyo sanapereke ndalama ya chitukuko, winayo ali ndi pakati. Makolo ambiri amangogwira njakata, poganiza kuti mawu a aphunzitsi aakulu ndiwo omaliza. Malamulo satero.

Gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko lino a mu 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro. Gawo 20 limaletsa kusala munthu potengera chipembedzo, mtundu, ulumali, chuma, kapena kuti ndi wamkazi. Chaka chomwecho boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linanenetsa kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu.

Koma lamulo logona m'buku limafuna wolidzutsa. Mu 2016, pasukulu ina ya pulayimale ku Chintheche, m'boma la Nkhata Bay loyandikana ndi Nkhotakota, atsikana oyembekezera anaimitsidwa sukulu, kenako majisitireti anawalamula kulipira chindapusa, ndipo olephera kulipira anatsekeredwa. Nkhaniyi itafika ku Bwalo Lalikulu ku Mzuzu, mu 2019 bwalolo linagamula kuti majisitiretiyo analakwitsa, pakuti kutenga pakati si mlandu.

Mu 2023 ku Zomba, Jaji Zione Ntaba anagamulanso kuti kukaniza ana achirasta kulowa m'sukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya malamulo a dziko. Chigamulo chotere sichithera pa ana omwe anadandaula okha. Mfundo yake imatetezanso mwana wa ku Linga ku Nkhotakota, kaya amapemphera kumzikiti kaya kutchalitchi.

Bwalo silimanga makalasi, siligula makope, ndiponso silingaphikire mwana phala. Mphamvu yake ndi yoletsa sukulu ya boma kusankha ana. Milandu yonse iwiriyi inafika kubwalo chifukwa anthu ena anakana kukhala chete. Choncho mwana akabwezedwa, yambirani kukomiti ya sukulu, pitani kuofesi ya maphunziro paboma, zikakanika kagogodeni ku Legal Aid Bureau, komwe osauka amapeza maloya. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amene ali kugombe lero malo ake akumudikira m'kalasi.