Labala wa pa galasi asanadzetse dzimbiri

Dzuwa la mu Okutobala limaumitsa labala wa m'mphepete mwa magalasi a galimoto mpaka kung'aluka. Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amatsikira m'kati mwa chitseko, amasakanikirana ndi fumbi la misewu yathu ya ku Area 25, matopewo n'kutseka timabowo ta pansi totulutsira madzi. Dzimbiri limayambira pamenepo. Ine zimandiwawa kuona Corolla kapena Hiace ya injini yabwinobwino chitseko chake chitawola chifukwa cha kachinthu kotchipa chonchi.

Galimoto zathu zambiri n'zochokera ku Japan zitagwirako kale ntchito, choncho popita kukagula labala wina tengani nambala ya chasisi ndi chidutswa cha labala wakaleyo. Yambani kwa ogulitsa masipeya a ku Biwi kapena m'tauni cha ku Malangalanga. Labala wochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa muyambe mwamupinda: akaonetsa timing'alu, musiyeni, ngakhale atsitse mtengo.

Wa galasi lotsika ndi kukwera savuta. Tsitsani galasi, kanganulani wakale pang'onopang'ono osathyola timapini, pukutani malowo, kenako kanikizani watsopano. Wa galasi losatseguka, monga la m'mbali mwa minibasi yakale, amafuna anthu awiri. Vekani labala pa galasi, lowetsani chingwe cha nayiloni mu mpata wake kuzungulira konse, pakani madzi a sopo. Mnzanu akanikize galasi ndi zikhatho ali kunja, inu mukukoka chingwe muli m'kati, mlomo wa labala uzikwera pa chitsulo. Mafuta a injini musapake, amawononga labala.