Mbaula m'galimoto: tulo take n'tosadzuka nato

Amene munagonapo pa Tsangano Turn-off mwezi wa Julaye mukudziwa chomwe ndikunena. Chisanu cha pamenepo sichiona nkhope. Chimapyola jekete ndi bulangete mpaka kukafika m'mafupa.

Chaka chatha ndinakwera lole limodzi ndi amayi anayi a geni ya mbatatesi ochokera ku Blantyre, cholinga ndikalembe za mitengo. Dzuwa linalowa matumba asanakwane, ndiye tinagwirizana zogona pompo. Adalaivala ndi mnyamata wawo anagona kutsogolo, ife kumbuyo pansi pa tenti. Mayi mmodzi anakabwereka mbaula kwa mnyamata wa tchipisi. Anadikira mpaka utsi wonse utatha, makala atafiira psuu, n'kuilowetsa. "Achimwene, tsekani bwino uko, mphepo ikulowa," anandiuza. Ndinatseka ndithu, n'kupsinja ndi miyala.

Chomwe chinandidzutsa pakati pa usiku ndi mkodzo basi. Mutu umagunda ngati mtondo, miyendo ikukana. Mayi wina amasanza. Amene anagona pafupi ndi mbaula tinawagwedeza koma osayankha. Ndinakwawa mpaka kukagogoda kwa adalaivala, iwo n'kufunyulula tenti yonse. Wina amvekere ndi malungo, wina ati atilodza anzathu a kumsika. Koma kuchipatala funso loyamba linali lakuti, "Munali ndi mbaula?" Mayi aja anatsitsimuka atawaika pa okosijeni. Ukanapanda mkodzo uja, bwenzi nkhani ino akulemba ndi ena.

Chomwe chinatipweteka ndi mpweya wotchedwa carbon monoxide. Umatuluka pamene makala, palafini, gasi, petulo kapena dizilo zikuyaka pamalo pochepa mpweya. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Ambirife timati utsi ukatha ndiye kuti mbaula yayera. Ayi ndithu. Makala ofiira opanda utsi aja amautulutsabe. Ukalowa m'mapapo umakamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, moti ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya. Munthu wogalamuka amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Wogona samva kanthu, amangopitirira. Ana ndi amayi oyembekezera ndiwo amayamba kugwa.

Musati poti mbaula ndi yoopsa ndiye ndingoliza injini usiku wonse mawindo ali chitsekere. Utsi wa ekizozi uli ndi mpweya womwewu, ndipo magalimoto athu otopawa ali ndi zibowo pansi. Mu Januwale 2022 ku Murree, m'dziko la Pakistan, anthu oposa 20 anafera m'magalimoto omwe anatitimira m'chipale chofewa, ndipo ena mwa iwo akuganiziridwa kuti anaphedwa ndi mpweya umenewu.

Nanga wogona m'galimoto aothe chiyani? Funso limeneli linandivuta mpaka tsiku lina pa boma la Dedza nditakumana ndi alendo awiri, bambo ndi mkazi wake, oyendera maiko pa Land Cruiser yokhala ndi bedi ndi khitchini momwemo. Nditawafotokozera za ku Tsangano, bamboyo anandionetsa kabokosi pansi pa mpando, kotalika ngati mkono kuchokera pachigongono. Ndi hita ya dizilo, yomwe madalaivala a mathiraki a ku Ulaya amagona nayo injini itazima. Makampani odziwika nayo ndi a ku Germany, Webasto ndi Eberspächer, koma masiku ano kwadzaza zina zotsika mtengo zochokera ku China.

Nzeru yake ndi iyi. Moto umayaka m'kachipinda kachitsulo kotsekeka. Mpweya woyatsira umachokera panja kudzera m'paipi yakeyake, ndipo utsi umatulukira panja kudzera m'paipi ina pansi pa galimoto. Fani imangouzira mpweya wa m'kati pamwamba pa chitsulo chotenthacho. Choncho mpweya womwe mukupuma ndi utsi sizikumana. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Musanafunse mtengo kapena kuti chimatentha bwanji, funsani wogulitsayo kuti, utsi wake ukutulukira kuti? Akakanika kukulozerani paipi, chisiyeni pompo.

Inu a mavani ndi maminibasi amene mumapita kukaoda katundu ku Joni, n'kumagona m'galimoto pa Mwanza kapena pa Beitbridge, zinthu izi mudzaziona m'masitolo. Ku Johannesburg mu Juni ndi Julaye usiku kumazizira mpaka madzi kuuma nthawi zina, ndiye mtima wofuna kugula umabwera. Musanatulutse ndalama, onani izi.

Choyamba, kukula kwake. Galimoto yaing'ono ngati HiAce imakwana ndi hita ya 2kW. Ambiri amathamangira ya 5kW poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Zotsatira zake amangoiyendetsa pamoto wochepa, mwaye n'kudzaza m'kati, iyo n'kuyamba kufuka ndi kuzima. Ya 2kW ikatsegulidwa mpaka kumapeto imamwa pafupifupi kota ya lita pa ola.

Chachiwiri, magetsi. Ilipo ya 12V ndi ya 24V, ndiye dziwani ya galimoto yanu. Poyatsa imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zochepa, kenako pang'onopang'ono usiku wonse. Batire lotopa lidzakusiyani mukukankha galimoto m'mawa, n'chifukwa chake ena amaika batire lachiwiri. Pozimitsa gwiritsani ntchito switchi yake kuti fani ithe kuziziritsa chitsulo. Kungozula waya kumaononga.

Chachitatu, mapiri. Dedza ndi Johannesburg onse ali pamtunda wopitirira mamita 1,500 kuchokera pomwe nyanja yaikulu yalekezera. Kumtunda kotero mpweya ndi wopepuka, ndipo hita yosachunidwa bwino imachita mwaye msanga. Funsani ngati ili ndi pochunira za kumapiri.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chachikulu, woikayo. Hita yabwino yoikidwa mwachinyengo imapha chimodzimodzi ndi mbaula. Bowo la pansi litsekedwe ndi mbale yachitsulo ndi zomatira zopirira moto. Paipi ya utsi ifike m'mbali mwa galimoto, kutali ndi windo, chitseko ndi polowera mpweya, komanso isakhudze paipi ya mafuta chifukwa imatentha zedi. Pomwe pakutulukira mpweya wotentha musaunjikepo mabelo a kaunjika kapena majumbo.

Nanga zinazi? Kahita ka gasi konyamula m'manja, sitovu ya palafini, nyali ya koloboyi kapena kuyatsa chophikira kuti chitenthetse, zonsezi moto wake uli poyera m'kati momwe mukupuma. Zimadya mpweya wanu, ndipo chinyezi chake chimanyowetsa katundu. Zogona nazo ayi. Hita ya magetsi ilibe utsi, koma yofunda kwenikweni imafuna magetsi a m'nyumba. Pa batire la galimoto, ya mawati 1,000 singathe ndi ola lomwe.

Alendo aja anali ndi chinthu china pafupi ndi bedi, kabelu kakang'ono ka mabatire komwe kamalira kakamva carbon monoxide. N'kosiyana ndi belu la utsi wa moto, musasokoneze. Koyenera m'galimoto kamalembedwa EN 50291-2, ndipo kali ndi deti yothera ntchito. Ngakhale hita ikhale yodula bwanji, chitsulo chimatha kung'aluka, ndiye mlonda ameneyu asasowe.

Ndikudziwa kuti ambiri a ife mpamba wathu sungafike pa hita. Palibe chamanyazi. Yalani makatoni pansi chifukwa chisanu chambiri chimachokera kuchitsulo. Valani chipewa ndi masokosi, fundani awiriawiri. Wiritsani madzi panja, thirani m'botolo lolimba, kulungani ndi chitenje, ikani kumapazi. Mbaula othani panja, ndipo itsale panja.

Mukadzuka nonse mutu ukuwawa nthawi imodzi, musayambe kufunafuna mfiti. Tulukani msanga, tulutsani anzanu, tsegulani paliponse. Wokomoka musamumwetse mkaka kapena madzi, mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala, mukanene kuti munali ndi moto m'kati.

Mayi a mbaula aja ndinawapeza mwezi watha pa benchi yawo ku Limbe. Amapitabe ku Tsangano. Ati tsopano amanyamula mabulangete atatu ndi chigubu cha madzi otentha, ndipo aliyense wobwera ndi mbaula kufupi ndi tenti amamubweza okha.