Kukonzekera Ulendo wa ku Scotland

Scotland ndi dziko limene liri kumpoto kwa chilumba cha Britain. Anthu a m'chigwa cha Shire analimva dzina la dzikoli kalekale, pakuti David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire pa sitima m'chaka cha 1859 nafika kwa Chibisa ku Chikwawa, anabadwira kumeneko. M'chaka cha 2005 boma la Malaŵi ndi boma la Scotland anapangana za ubale, ndipo aphunzitsi, anamwino ndi atsogoleri a mipingo a maiko aŵiriŵa amayenderana. Ngakhale alimi ena a nzimbe a ku Kasinthula anaitanidwapo ku Britain kuti akafotokozere anthu ogula shuga wao za ulimi wao.

Munthu wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akaitanidwa ku Scotland, ayenera kuganizira zinthu ziŵiri asanayambe kutsazika anansi: mwezi wonyamuka ndi ndalama zimene ulendowo udzadye. Ziŵirizi sizilekana, chifukwa mwezi umene munthu wasankha ndiwo umakweza kapena kutsitsa mtengo wa ulendo.

Nyengo za ku Scotland zimasemphana ndi za ku Malaŵi. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pamene m'chigwa mukugwa mvula ndipo anthu ali kalikiliki kupalira thonje ndi mapira, kumeneko kumakhala chisanu choopsa. Madzi a m'zithaphwi amauma gwaa ngati mwala, ndipo masiku ena kumagwa chipale chofeŵa, choyera ngati thonje longothyola kumene. Usana umafupika kwambiri. Mumzinda wa Edinburgh m'mwezi wa Disembala dzuŵa limatuluka nthaŵi itayandikira 9 koloko m'maŵa, ndi kuloŵa isanakwane 4 koloko madzulo. Munthu wozoloŵera kutentha kwa ku Ngabu, kumene mu Okutobala kumafika madigiri 40, amavutika nacho chisanu chotere. Ubwino wa nyengoyi ndi umodzi wokha: alendo amachepa, motero malo ogona amatsika mtengo, kupatula masiku a Khirisimasi ndi chaka chatsopano.

Mu Juni, Julayi ndi Ogasiti kumafunda, ngakhale kufunda kwake kumangofanana ndi masana a mwezi wa Juni ku Thyolo. Usana umatalika mpaka maola 17, ndipo mu Juni dzuŵa limaloŵa cha m'ma 10 koloko usiku. Imeneyi ndiyo nyengo yokoma kuyenda, koma walira mvula walira matope. Anthu a maiko ambiri amafuna kupita nthaŵi yomweyo, choncho matikiti a ndege ndi malo ogona zimakwera mtengo. Mu Ogasiti mumzinda wa Edinburgh mumachitika chikondwerero chachikulu cha zisudzo ndi nyimbo chimene chinayamba m'chaka cha 1947, ndipo kupeza pogona kumakhala kovuta. Komanso mphunzitsi wopita mu Julayi kukaona sukulu angaipeze yotseka, popeza ana a kumeneko amakhala pa tchuthi.

Wapaulendo aganizirenso za kwao kumene akuchokera. Kuyambira Januwale mpaka Malichi mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza imasefukira. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anadula mseu waukulu wa M1 ku Chikwawa, ndipo mu Malichi 2023 namondwe Freddy anaononganso miseu ndi milatho. Munthu wa ku Nsanje ali ndi makilomita pafupifupi 180 oti ayende kuti akafike ku Blantyre. Mseu ukaduka, ndege siimudikira, ndipo ndalama za tikiti zikhoza kungoloŵa m'madzi. N'chifukwa chake miyezi ya Meyi ndi Sepitembala ndiyo yoyenera: miseu ya m'chigwa imakhala youma, ku Scotland sikuzizira kwambiri, sukulu zimakhala zotsegula, ndipo mitengo siikhala pamwamba penipeni. Kwa mlimi, Sepitembala ndiye woposa, pakuti amakhala atagulitsa thonje lake ndipo mvula isanayambe.

Nkhani ya ndalama ndiyo imadabwitsa ambiri. Ku Scotland amagwiritsa ntchito mapaundi. Pamene Malaŵi anasiya paundi nayamba kwacha m'chaka cha 1971, makwacha aŵiri ankakwana paundi imodzi. M'chaka cha 2024 paundi imodzi inkagulidwa kubanki ndi makwacha opitirira 2,000. Mwachitsanzo, ngati mbale imodzi ya chakudya iri pa mapaundi 10, ndiye kuti munthu walipira makwacha opitirira 20,000. Akamadya kaŵiri pa tsiku kwa masiku 14, aononga mapaundi 280, amene ndi makwacha opitirira 560,000, pa chakudya chokha. Motero mlendo wanzeru amagula zakudya m'sitolo ndi kuphika yekha, kapena amadya pamodzi ndi banja limene lamulandira.

Ndalama zina zimatha munthu asanachoke n'komwe m'dziko muno. Choyamba afunika pasipoti. Kenaka afunika viza, chimene ndi chilolezo choloŵera m'dziko la eni. Amalaŵi opita ku Britain anayamba kufunsidwa chilolezochi m'chaka cha 2006. Wopempha viza amapita yekha ku Lilongwe kukatengedwa zidindo za zala, ndipo amaonetsa kalata yomuitana pamodzi ndi mapepala a kubanki. Malipiro ake amapitirira mapaundi 100, ndipo akakanidwa ndalamazo sizibwezedwa. Yankho limatenga milungu itatu kapena kuposerapo. Choncho wofuna kunyamuka mu Sepitembala ayambe kuyendetsa mapepala mu Juni, ndipo asathamangire kugula tikiti viza isanatuluke.

Tikiti ya ndege ndiyo imadya ndalama zambiri kuposa zonse. Palibe ndege yochoka ku Malaŵi kulunjika ku Scotland. Wokwera ku Chileka kapena ku Lilongwe amakasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kaŵirikaŵiri ndi kusinthanso kwina, ndipo ulendo wonse umatenga usana ndi usiku.

Pali tina ndi tina timene anthu amaiŵala poŵerengera: basi yochokera ku Nsanje kapena ku Bangula, malo ogona ku Blantyre usiku woti maŵa akwera ndege, ndi zovala zofunda. Jekete lochindikala, masokosi ndi nsapato zosaloŵa madzi n'kwabwino kugula pa kaunjika ku Nchalo kapena ku Limbe, chifukwa m'sitolo za ku Scotland mtengo wake ngwoboola m'thumba. Ngati ulendo uli woitanidwa, woitanidwayo afunse mosachita manyazi kuti eni ake adzalipira ziti ndipo iye adzalipira ziti, ndipo yankho lilembedwe m'kalata. Pomaliza penipeni aŵerengere za banja lotsala: mapira a m'nkhokwe, ndalama za sopo ndi mchere, ndi munthu wothirira mbeu za kudimba kufikira tsiku limene iye adzatsike basi pobwerera.

Mafunso

1. Kodi nyengo ya ku Scotland imakhala yotani pamene m'chigwa cha Shire mukugwa mvula?
2. N'chifukwa chiyani mphunzitsi sayenera kupita kukaona sukulu ya ku Scotland mu Julayi?
3. Ngati paundi imodzi iri pa makwacha 2,000, kodi mapaundi 35 ndi makwacha angati?
4. Fotokozani tanthauzo la mau aŵa: kalikiliki, gwaa, kuboola m'thumba.