Chizungulire, Mchere ndi Madzi pa Mipikisano ya Mitunda Italiitali

Triathlon ndi mpikisano umene munthu mmodzi amasambira, n'kutuluka m'madzi kukwera njinga, kenako n'kutsika njinga kuyamba kuthamanga, zonsezi motsatizana wotchi osaima. Mtundu wake wotchuka pa mitunda italiitali ndi Ironman, umene unayamba mu 1978 pachilumba cha Oahu ku Hawaii. Opikisana amasambira makilomita 3.8, kupalasa makilomita 180, n'kuthamanga makilomita 42.2. Gawo la njingalo palokha ndi pafupifupi ulendo wochokera ku Chipata kukafika ku Lundazi. Akatswiri amamaliza zonse m'maola pafupifupi 8, ambiri amatha maola 12 kapena kuposa, ndipo mwachizolowezi malire ake ndi maola 17. Kum'mwera kwa Africa kuno mpikisanowu umachitikira ku Gqeberha, mzinda umene kale unkatchedwa Port Elizabeth.

M'matenti a chipatala a pamipikisano yotere ndi mmene madokotala aphunziriramo zambiri za thupi la munthu amene wagwira ntchito yolemetsa tsiku lonse padzuwa, ndipo zimene aphunzirazo sizikhudza a triathlon okha. Chipata ndi tauni ya njinga, kwawo kwa njinga za Eagle zimene zinkapangidwa pa fakitale ya Luangwa Industries. Ku Nabvutika ndi m'makomboni ena muli anthu amene amadyera kupalasa: onyamula anthu ndi katundu, ndiponso obweretsa malasha kuchokera kumidzi atasanjikiza matumba kumbuyo kwa njinga. Mu Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30 masana ambiri, munthu wotereyu amataya madzi ndi mchere mofanana ndi wopikisana uja, koma palibe dokotala womudikira kumapeto kwa ulendo. N'chimodzimodzi anyamata osewera mpira masana pa David Kaunda Stadium ndi ana othamanga pamipikisano ya masukulu.

Minofu ikamagwira ntchito, mphamvu zambiri zimasanduka kutentha, ndipo thupi limazizira thukuta likamauma pakhungu. Munthu wolimbika padzuwa amatha kutaya kuyambira theka la lita mpaka malita awiri a thukuta pa ola. Thukutalo limatuluka ndi mchere, ndipo gawo la mchere lofunika pankhaniyi ndi sodiyamu, amene amasunga madzi m'mitsempha ndi kuthandiza ubongo ndi minofu kugwira ntchito. M'magazi a munthu wathanzi sodiyamu amakhala mamilimolo 135 mpaka 145 pa lita. M'thukuta amakhala ochepa, kawirikawiri 20 mpaka 80 malinga ndi munthu. Motero wotuluka thukuta amataya madzi ambiri kuposa mchere, mchere wa m'magazi umakwera pang'ono, ndipo ubongo umayankha ndi ludzu.

Munthu akagwa pampikisano kapena pamsewu, omuzungulira amathamangira botolo poganiza kuti madzi amuthera m'thupi. Nthawi zambiri vuto silikhala limenelo. Ambiri amagwa atadutsa kale mzere womalizira. Pothamanga kapena popalasa, akatumba a m'miyendo amafinya mitsempha n'kumakankhira magazi kubwerera kumtima. Munthu akaima mwadzidzidzi kufinyako kumaleka, pamene mitsempha idakali yotambasuka chifukwa cha kutentha. Magazi amadikha m'miyendo, ofika kuubongo amachepa, m'maso mumada, munthu n'kugwa. Chithandizo chake n'kumugoneka chagada pamthunzi n'kumukweza miyendo ndi chiuno kuti zikhale pamwamba kuposa mutu. Pakapita mphindi zingapo amatsitsimuka n'kumayankhula zomveka. Kumudzutsa kuti aimirire kapena kumukhazika pampando kumangobweza chizungulirecho. Kupewa kwake n'kosavuta: womaliza mpikisano, kapena wotsika njinga pamwamba pa chitunda, aziyendayenda kaye pang'onopang'ono asanaime.

Wogwa mpikisano uli mkati ndiye wodetsa nkhawa. Mwina shuga wamuthera. Nkhokwe ya shuga ya m'minofu ndi m'chiwindi imakwanira pafupifupi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba, ndipo ikatha munthu amanjenjemera, amamva njala yoopsa, miyendo imalemera. N'chifukwa chake opikisana amalangizidwa kudya magalamu 30 mpaka 60 a zakudya za shuga kapena zokhutitsa pa ola, ndipo pamitunda italiitali ena amafika 90. Nthochi, mbatata yophika, nzimbe kapena maheu zimagwira ntchito imeneyi, ndipo wonjenjemera ndi njala amabwerera mwakale akangodya.

Choopsa koposa ndi kutentha kwa thupi kopitirira madigiri 40. Munthu amadzandira, amabwebweta, nthawi zina amachita ukali, kenako n'kukomoka. Khungu limatha kukhala lonyowabe ndi thukuta, kotero thukuta si umboni wakuti zinthu zili bwino. Apa ndi pofunika changu. Madokotala a zamasewera amati aziziritsidwe kaye asanamunyamule kupita kuchipatala, pomuviika m'madzi ozizira mpaka m'khosi, kapena pomuthira madzi thupi lonse n'kumamukupiza. Amene waziziritsidwa m'theka la ola loyamba kawirikawiri amapulumuka.

Palinso chifukwa china chimene chinatenga zaka kuti chizindikirike, chifukwa chimasemphana ndi zimene anthu ambiri amakhulupirira: munthu amatha kudwala, ngakhale kufa kumene, chifukwa chomwa madzi ambiri. Kalekale othamanga ankauzidwa kuti kumwa pampikisano n'kufooka. Mu 1969 akatswiri awiri a ku South Africa, a Wyndham ndi a Strydom, analemba za kuopsa kwa kusamwa mokwanira, ndipo m'zaka zotsatira malangizo anatembenuka kotheratu, othamanga n'kumauzidwa kuti azimwa mmene angathere ludzu lisanabwere. Mu 1981 mayi wina anadwala kwambiri pa Comrades Marathon, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wofananako ndi wochokera ku Chipata kupita ku Katete. Anagonekedwa m'chipatala atakomoka, ndipo anapezeka kuti sodiyamu wa m'magazi ake watsika kwambiri. A Tim Noakes a ku University of Cape Town anafufuza nkhaniyi pamodzi ndi zina zofanana nayo, ndipo mu 1985 iwo ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza: odwalawo anali atamwa madzi oposa amene anataya.

Madokotala amatcha vutoli hyponatraemia, ndipo limayamba sodiyamu akatsika kuchepera 135. Magazi amasukuluka ngati msuzi wothiridwa madzi ambiri. Impso za munthu wathanzi amene akupumula zimatha kutulutsa madzi osaposa pafupifupi lita imodzi pa ola, koma pantchito yolimba thupi limatulutsa timadzi totchedwa ADH timene timauza impso kuti zisunge madzi. Ululu, nseru ndi kutopa zimawonjezera timadzi timeneti. Munthu akamapitiriza kumwa pamene impso zatseka, madzi owonjezerawo amachoka m'magazi n'kulowa m'maselo, maselo n'kutupa. Zala zikatupa, mphete kapena wotchi imangothina. Ubongo uli m'chigaza ndipo ulibe potupira. Mutu umayamba kuwawa, munthu amasanza, amasokonezeka, amagwa khunyu, ndipo madzi amatha kudzaza m'mapapo.

Vutoli si lachilendo. Pa Ironman ya ku New Zealand mu 1997, mwa anthu 330 omaliza mpikisano amene anayezedwa magazi, 18 pa 100 alionse anali ndi sodiyamu wotsika. Pa Boston Marathon ya 2002, mwa othamanga 488 amene anayezedwa, 13 pa 100 alionse anali chimodzimodzi, ndipo pampikisano womwewo mayi wina wa zaka 28 anamwalira ndi vutoli. Kafukufuku wa ku Boston anasonyeza kuti amene anali pangozi kwambiri ndi amene anamaliza akulemera kuposa poyamba, ndi amene anatha maola oposa anayi panjira. Otsogola sakhala ndi mpata womwa kwambiri. Odwala amakhala a m'mbuyo, oyenda pang'onopang'ono, oima pamalo alionse omwera chifukwa choopa kuti madzi angawathere. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa iwo amakhala akutsatira mokhulupirika malangizo amene anapatsidwa.

Zizindikiro zoyamba za hyponatraemia, monga chizungulire, mutu ndi nseru, zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo mpamene anthu okonda mnzawo amamupwetekera osadziwa. Pali zosiyanitsa. Wochepekedwa madzi amakhala ndi ludzu lenileni, mkamwa mouma, ndipo wapepuka pasikelo. Womwa mopitirira kawirikawiri alibe ludzu, mimba yafufuma, zala zatupa, ndipo sanapepuke kapena walemera. Kumufunsa kuti wamwa mabotolo angati ndipo wakodza liti kumathandiza kwambiri.

Nanga mchere? Ambiri amaganiza kuti mapilitsi a mchere kapena zakumwa za amasewera zimateteza ku vutoli. Zakumwazo zimakhala ndi sodiyamu pafupifupi mamilimolo 20 pa lita, wochepa kutali poyerekeza ndi wa m'magazi, kotero nazonso zimasukulutsa magazi zikamwedwa mopitirira. Ku Boston sipanaoneke kusiyana pakati pa omwa madzi okha ndi omwa zakumwazo. Pa Ironman ya ku Cape Town mu 2001, ofufuza anapatsa opikisana ena mapilitsi a mchere, ena mapilitsi opanda mchere, ndipo pamapeto sodiyamu wa m'magazi awo sanasiyane kwenikweni. Mchere sungagonjetse madzi ochuluka.

Komabe mchere uli ndi malo ake. Amene amatuluka thukuta la mchere wambiri, amene zovala ndi zisoti zawo zimauma ndi mizere yoyera, amataya magalamu angapo a sodiyamu patsiku lalitali lotentha, ndipo ntchito ikapitirira maola anayi kapena asanu n'kwanzeru kubwezeretsa ena. Sipuni yaing'ono ya mchere wa m'khitchini ili ndi sodiyamu woposa pang'ono magalamu awiri. Nshawa zokazinga zothira mchere, kapenta, tchipisi kapena msuzi zimakwanira, ndipo zakudya zotere zimathandizanso mkamwa mmene mwatopa ndi zotsekemera. Kwa amene wapepukadi ndipo ali ndi ludzu, madzi a moyo, amene ndi ORS yoperekedwa m'makiliniki kwa otsegula m'mimba, ndi abwino kuposa zakumwa za m'sitolo, chifukwa ali ndi sodiyamu mamilimolo 75 pa lita. Pakasowa kapaketi, amasungunula masipuni aang'ono 6 osasefukira a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Odwala BP kapena impso asamawonjezere mchere asanafunse kuchipatala.

Muyeso wa kamwedwe umene akatswiri anagwirizana pamsonkhano wawo wa ku Carlsbad, California, mu 2015 ndi ludzu: munthu amwe akamva ludzu, aleke likatha. Kwa ambiri izi zimagwera pakati pa mamililita 400 ndi 800 pa ola, wamng'ono thupi ndi woyenda pang'onopang'ono chakumunsi, wamkulu thupi padzuwa lowala chakumtunda. Ludzu lingatsatidwe ngati madzi ali pafupi, ndiye wopalasa ulendo wautali wopanda mijigo ayenera kunyamula okwanira. Amene akufuna kudziwa kataidwe ka thupi lake akwere sikelo asanayambe masewera olimbitsa thupi ndiponso atamaliza. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi pafupifupi lita imodzi, ndipo pamenepo awonjezerepo zimene wamwa panjira. Kupepuka ndi 2 kapena 3 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi pamapeto pa mpikisano wautali n'kwachibadwa ndipo kumabwerera ndi chakudya chamadzulo. Kulemera kuposa poyamba ndiye chenjezo. Thupi limafunanso masiku 10 mpaka 14 kuti lizolowere kugwira ntchito motentha, ndipo likazolowera limatulutsa thukuta msanga komanso la mchere wochepa. Wochokera kumapiri a Chipata amene akukapalasa kuchigwa cha Luangwa, kumene kumatentha kuposa madigiri 40 mvula isanagwe, ayenera kuganizira zimenezi.

Mapilitsi opha ululu monga Brufen ndi diclofenac, amene anthu ambiri amamwa asanayambe ulendo kuti miyendo isawawe, amachepetsa magazi opita kuimpso ndipo akatswiri amawatchula pakati pa zinthu zowonjezera ngozi ya hyponatraemia ndi kuvulala kwa impso. Mowa wa dzulo lake, kutsegula m'mimba ndi malungo zimachititsa kuti munthu ayambe ali wofooka kale. Amene thupi likutentha asapikisane, ndipo kudera la malungo ngati Eastern Province wosokonezeka mutu pambuyo pa mpikisano ayenera kuyezedwanso malungo.

Wogwa amene akudziwa dzina lake ndi kumene ali, ndipo akutsitsimuka atakwezedwa miyendo, angapatsidwe chakumwa pang'onopang'ono ngati ali ndi ludzu, pamodzi ndi chakudya chothira mchere. Wosokonezeka, wosanza mobwerezabwereza, wogwa khunyu kapena wosadzuka asamwetsedwe kalikonse. Agonekedwe cham'mbali, aziziritsidwe ngati thupi latentha, ndipo apititsidwe msanga kuchipatala chimene chingayeze magazi, monga Chipata Central Hospital. Omuperekeza auze achipatala maola amene wakhala panjira, madzi amene wamwa ndi mapilitsi amene wameza, chifukwa dilipi wamba amatha kuwonjezera vuto kwa munthu wodzaza kale madzi. Chithandizo cha hyponatraemia yoopsa ndi madzi a mchere wochuluka, wa 3 pa 100, amene amaperekedwa mumtsempha mamililita 100 pa nthawi. Zizindikiro zake zimatha kuonekera patapita maola angapo mpikisano utatha, pamene madzi otsala m'mimba akupitiriza kulowa m'magazi, choncho amene wamaliza atatupa zala kapena atalemera asamwenso mpaka atayamba kukodza bwino, ndipo usiku umenewo asagone yekha.